Ndalama za Woyang'anira Inshuwalansi: Zimasungidwa Kuti, Zimagwira Ntchito Yanji?

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu, kenaka itsike pang'onopang'ono)

MUULUTSI:  Lero tikamba za inshuwalansi, koma mbali imene sikambidwakambidwa. Makampani a inshuwalansi ali ndi owayang'anira, ndipo owayang'anirawo amatolera ndalama kwa makampani omwewo. Ndalama zimenezi zimakagona kuti? Amazitulutsa ndani, kukagwira ntchito yanji? Muno mu situdiyo ndili ndi bambo amene agwira ntchito ya inshuwalansi mumzinda uno wa Blantyre mpaka kupuma. Mwaswera bwanji, bambo?

MLENDO: Ndaswera bwino mayi, kaya inu ndi omvera athu.

MUULUTSI: Taswera ndithu. Ndiyambe n'kukutsutsani. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Zingwangwa alibe galimoto, ndipo sanalowepo mu ofesi ya inshuwalansi chibadwire. Nkhaniyi aitchererenji khutu?

MLENDO: Mayi ameneyo wakwera minibasi m'mamawa uno popita kukaoda tomato wakeyo. Lamulo la pamsewu, Road Traffic Act, limati galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwalansi ya third party, yoti ikavulaza munthu pakhale pochokera chipukuta misozi. Mwini minibasi ndalama yogulira inshuwalansiyo satola pansi. Imachokera m'manja mwa kondakitala, ndipo kondakitala waitenga kwa mayi wa tomatoyo. Amuna awo ngati ali pantchito yolembedwa, kaya ku mafakitale a ku Makata kapena ku Chirimba, lamulo la penshoni limati azidulidwa 5 pa 100 iliyonse ya malipiro awo, abwana n'kuwonjezerapo 10, komanso abwanawo awagulire inshuwalansi ya moyo. Akakatenga ngongole kubanki, kawirikawiri mkati mwake mumakhala kandalama ka inshuwalansi koti iwo akatisiya ngongoleyo isatsale pamutu pa ana. Banja limeneli likulipira inshuwalansi katatu, lisakudziwa n'komwe.

MUULUTSI: Ndiye kuti pa ndalama zimenezo pali kena kamene kamakafika kwa woyang'anira?

MLENDO: Eya. Kampani ilibe munda wina wokolola ndalama koposa makasitomala ake. Chilichonse chimene kampani imalipira kwa woiyang'anira chinayamba chadutsa m'thumba mwa wogula inshuwalansi.

MUULUTSI: Tiuzeni kaye, woyang'anirayu ndi ndani? Anthu ambiri zikawavuta amathamangira kupolisi.

MLENDO: Apolisi apamsewu ntchito yawo n'kuona ngati pagalasi pali sitika ya inshuwalansi. Woyang'anira makampaniwo ndi wina. Malamulo amamutcha Registrar of Financial Institutions, ndipo udindo umenewu amausenza Gavanala wa banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi. Munthu ndi mmodzi, maudindo awiri. Banki yaikuluyi inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1964, n'kuyamba ntchito mu 1965 konkuno ku Blantyre. Likulu lake linasamukira ku Lilongwe mu 1981, koma nthambi ya Blantyre ilipobe, ina ili ku Mzuzu. Kwa zaka zambiri nkhani za inshuwalansi tinkayendera lamulo lakalekale la 1957, la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Zinthu zinasintha mu 2010, Gavanala ali a Perks Ligoya, pamene aphungu anavomereza Financial Services Act pamodzi ndi lamulo latsopano la inshuwalansi. Kuchokera pamenepo mabanki, makampani a inshuwalansi, a penshoni, ma SACCO ndi mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono onse anakhala pansi pa Registrar mmodzi. Malamulowa aphungu akhala akuwaunikanso, koma maziko ake ndi omwewo.

MUULUTSI: Ndiye NICO, Old Mutual, Britam, General Alliance, onsewa amayankha kwa iye?

MLENDO: Onsewo, kuphatikizapo UGI, Reunion, Prime, Vanguard Life, Smile Life ndi ena. Ngakhale mabuloka ndi ma ejenti, aja amakupezani pasiteji ali ndi kachikwama ka mafomu, sayenera kugulitsa inshuwalansi opanda chilolezo chochokera kumeneko.

MUULUTSI: Tsopano tilowe m'thumba. Registrar amatolera ndalama zanji?

MLENDO: Yodziwika kwambiri ndi ya laisensi. Wofuna kutsegula kampani ya inshuwalansi, kapena kukhala buloka, amalipira kuti pempho lake liunikidwe, ndipo ndalamayo sibwerera ngakhale amukane. Lamulo la 2010 lija limalolanso kuti mabungwe oyang'aniridwa azisonkha ndalama yothandizira ntchito yowayang'anira, imene a m'maofesi amangoti levy. Ndiye pali chindapusa. Kampani ikaphwanya malangizo a Registrar, tinene kuti yachedwa kupereka malipoti kapena yanyalanyaza malamulo a kasungidwe ka chuma, itha kulipitsidwa.

MUULUTSI: Imeneyo si misonkho basi?

MLENDO: Ayi mayi, pamenepo tisasakanize. Msonkho kampani imakapereka ku Malawi Revenue Authority, uko ku Msonkho House, monga kampani ina iliyonse. Msonkho sulonjeza kuti ubwerera kwa amene waupereka. Utha kukagula mankhwala ku Queen Elizabeth, kulipira aphunzitsi ku Nsanje, kapena kubweza ngongole za boma. Ndalama ya laisensi ndi levy zili ndi cholinga chimodzi chokha, kulipirira ntchito yoyang'anira. Zonse ziwiri zimafanana pa chinthu chimodzi: gawo 171 la malamulo aakulu a dziko lino limati palibe msonkho kapena levy imene ingatoleredwe popanda lamulo loiloleza. Ofesi singangodzuka m'mawa n'kunena kuti kuyambira lero muzitipatsa zakutizakuti.

MUULUTSI: Chabwino. Zatoleredwa. Zalowa kuti?

MLENDO: Apa ndiye pali nkhani, ndipo mundilole ndichedwepo. Gawo 172 la malamulo aakulu omwewo linakhazikitsa thumba limodzi la boma, Consolidated Fund, limene ambiri timalidziwa ndi dzina loti Account Number One. Ndalama zotoleredwa m'dzina la boma zimayenera kuthiridwa m'menemo, pokhapokha ngati lamulo lina lanena kuti zipite kwina. Ndipo zikalowa sizituluka mwachisawawa. Gawo 173 limafuna chilolezo cha lamulo, makamaka bajeti imene aphungu avomereza ku Nyumba ya Malamulo. Chosangalatsa n'chakuti Account Number One imasungidwa ku banki yaikulu komweko. Koma banki yaikulu ndi msungi chabe wa thumba limenelo, eni ake ndi a Treasury ku Unduna wa Zachuma.

Ndalama za Registrar zimayenda njira ina. Wolipira laisensi kapena chindapusa amalipira ku Reserve Bank of Malawi, ndipo zimalembedwa m'mabuku a bankiyo. Anthu ogwira ntchito yoyang'anira inshuwalansi ndi antchito a banki yaikulu. Malipiro awo, galimoto zimene amayendera, makompyuta awo, zonse zimachokera mu bajeti ya bankiyo, imene imavomerezedwa ndi bodi yake. Aphungu sakhala pansi n'kumavota kuti chaka chino oyang'anira inshuwalansi alandira zingati, monga amachitira ndi unduna wa zaumoyo kapena wa zamaphunziro.

MUULUTSI: Ndiye kuti boma silidyapo kanthu?

MLENDO: Limadyapo, koma kumapeto. Mwini wa banki yaikulu ndi boma, palibenso wina. Chaka chikatha mabuku amafufuzidwa ndi akatswiri owerengera ndalama ochokera kunja kwa bankiyo. Ngati papezeka phindu, lina limasungidwa m'nkhokwe ya banki, lotsala limapita kuboma. Komanso dziwani kuti ndalama za malaisensi ndi kadontho chabe poyerekeza ndi zimene banki yaikulu imapeza kwina, monga chiwongoladzanja pa ngongole zimene boma latenga ndi pa ndalama zakunja zimene bankiyo yasungitsa.

MUULUTSI: Nanga chifukwa chiyani sanangoti zonse zilowe mu Account Number One, oyang'anirawo azikapempha monga ena onse? Zikanakhala zosavuta kulondola.

MLENDO: Funsani mkulu aliyense wa ofesi ya boma za mawu oti "fandingi sinabwere". Bajeti imavomerezedwa, koma ndalama zimatuluka mwezi ndi mwezi malinga ndi zimene zapezeka, ndipo mwezi wovuta ofesi zing'onozing'ono ndi zimene zimayamba kumanidwa. Tsono taganizani woyang'anira wamva mphekesera yoti kampani ina yayamba kuzemba makasitomala, koma alibe mafuta oti apite akaone mabuku. Kapena kampaniyo mwini wake ndi munthu wa mphamvu m'ndale, ndipo amene amatulutsa fandingi ndi mnzake. Safunika kuopseza aliyense. Angochedwetsa ndalama miyezi itatu, nkhani yatha.

Ndipereke fanizo la mpira, poti ndife a ku Blantyre. Bullets ndi Wanderers zikakumana pa Kamuzu Stadium, woyimbira amalandira kangachepe, ndipo ndalama za mpira zimachokera kwa ochemerera ndi matimu omwewo. Palibe cholakwika pamenepo. Cholakwika chingabwere ngati timu imodzi ikumupatsira m'manja kuseri kwa zimbudzi, kapena ngati malipiro ake akudikira kuti wina wake akondwere ndi zigoli. Ndalamayo iyenera kudutsa m'njira yodziwika, yoikika masewera asanayambe, yoti palibe timu ingaitseke. Ndi zomwezo ndi woyang'anira inshuwalansi.

MUULUTSI: Omvera a Bullets ndi a Noma, musatiimbire foni pa nkhani ya oyimbira, lero si tsiku lake. (Aseka) Bambo, maganizo amenewa ndi anu kapena alipo ena amene amatero?

MLENDO: Si anga ndekha. Pali bungwe la oyang'anira inshuwalansi a m'maiko osiyanasiyana, International Association of Insurance Supervisors, limene linakhazikitsidwa mu 1994 ndipo likulu lake lili ku Basel, m'dziko la Switzerland. Imodzi mwa mfundo zake zikuluzikulu imati woyang'anira akhale woima payekha pantchito yake, akhale ndi chuma chokwanira, koma akhalenso woyankha mafunso ndi wochita zinthu poyera. Mbali ziwirizo zimayendera limodzi. Mukampatsa ufulu wosunga ndalama popanda womufunsa, mwalenga vuto lina.

(Kanyimbo kakafupi)

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana za ndalama zimene ofesi yoyang'anira inshuwalansi imatolera. Bambo, maiko ena amachita bwanji?

MLENDO: Ku America inshuwalansi siyang'aniridwa ndi boma la ku Washington. Chigawo chilichonse chili ndi ofesi yakeyake, ndipo lamulo la 1945 lotchedwa McCarran-Ferguson Act linatsimikiza zimenezi. Titenge California. Kumeneko mkulu wa ofesiyi amachita kusankhidwa ndi anthu pavoti, kutsatira chisankho cha 1988. Ndalama za malaisensi ndi zosonkha za makampani zimalowa m'thumba lapadera, Insurance Fund, ndipo ofesiyo imayendetsedwa ndi thumba limenelo, ngakhale kuti aphungu a chigawocho amayenerabe kuvomereza kagwiritsidwe ntchito kake. Msonkho wa pa inshuwalansi, umene ndi wochuluka kwambiri, umapita m'thumba lalikulu la chigawo. Mukaphatikiza zigawo zonse za America, ndalama zimene zimagwira ntchito yoyang'anira sizifika 10 pa 100 iliyonse ya zimene maboma a zigawozo amatolera ku inshuwalansi. Ndipo zaka za mavuto a zachuma, zigawo zina zakhala zikukokolola ndalama za m'matumba apadera otere kukatsekera mabowo a bajeti. Ndiye thumba lapadera nalonso limafuna mlonda.

MUULUTSI: Nanga kuno kwathu kuno, kwa anansi athu?

MLENDO: Ku Zambia ntchitoyi siili m'manja mwa banki yaikulu. Ali ndi bungwe lapadera ku Lusaka, Pensions and Insurance Authority. Komanso wogula inshuwalansi kumeneko amalipira levy ya pamwamba pa mtengo, imene inayamba mu 2016 pa 3 pa 100 iliyonse ndipo yakhala ikukwezedwa. Koma imeneyo amatolera ndi a Zambia Revenue Authority, ndipo imapita kuthumba la boma. Dzina ndi la inshuwalansi, koma ndi msonkho ndithu. Abale athu a ku Chipata asamaganize kuti yonseyo imakathera kwa woyang'anira. Ku Zimbabwe kuli Insurance and Pensions Commission, ku Mozambique nakonso kuli bungwe lakelake.

Amene amandisangalatsa ine ndi a ku Kenya, chifukwa masamu awo ngosavuta kuwatsata. Pa mashilingi 100 aliwonse amene kampani yatolera kwa makasitomala, shilingi imodzi imapita ku Insurance Regulatory Authority kukayendetsa ntchito yoyang'anira. Ndiye pali thumba lina losiyana, Policyholders Compensation Fund, limene kasitomala amaponyamo 0.25 pa 100 iliyonse, kampani n'kuponyamonso chimodzimodzi. Kampani ikagwa, thumba limeneli limapepesa makasitomala mpaka pa mlingo woikika. Munthu wa ku Nairobi atha kutenga pepala lake la inshuwalansi n'kuwerengera yekha kuti woyang'anira wamulipira zingati.

MUULUTSI: Mukuoneka kuti mwawasirira.

MLENDO: Ndasirira kuonekera poyera kwakeko. Koma njira yathu ili ndi ubwino wake, ndisaname. Msika wathu wa inshuwalansi ndi waung'ono, ndalama zonse zimene makampani amatolera pachaka sizifika 3 pa 100 iliyonse ya chuma cha dziko. Mutati mukhazikitse bungwe lapadera loti lizidalira levy yokha, mwina levy ikhala yaikulu mpaka inshuwalansi kudula, kapena bungwelo likhala losauka, la antchito owerengeka. Kukhala m'kati mwa banki yaikulu kumatanthauza kuti oyang'anira sagona ndi njala. Vuto lake ndi loti ndalama zawo zimasambira m'nyanja yaikulu. Kwacha itagwa ndi 25 pa 100 mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 pa 100 mu November 2023, banki yaikulu inaluza ndalama zankhaninkhani chifukwa cha ngongole zake za ndalama zakunja. M'mabuku a manambala aakulu chotero, kandalama ka malaisensi a inshuwalansi munthu wamba sangakaone msanga.

MUULUTSI: Tiyeni ku mbali yachiwiri ya funso lathu. Ndalamazi zimagula chiyani? Poti ife timangoona nyumba zazitali ndi magalimoto.

MLENDO: Chodula kwambiri ndi anthu. Inshuwalansi ndi malonda achilendo: mumalipira lero, katundu wake mudzamuona tsiku la tsoka, mwina patapita zaka 20. Ndiye payenera kukhala wina woonetsetsa kuti tsiku limenelo kampani idzakhalapo, ndipo idzakhala ndi ndalama. Makampani amatumiza malipoti kwa Registrar nthawi ndi nthawi, osonyeza zimene atolera, zimene alipira, ngongole zimene ali nazo kwa ovulala, ndi kumene aika ndalama za anthu. Wina ayenera kuwawerenga malipotiwo ndi diso lodziwa bodza. Pali akatswiri otchedwa actuary, owerengera kuti mwa anthu 1,000 a msinkhu wakutiwakuti ndi angati angadwale kapena kumwalira m'zaka zikubwerazi, ndipo kampani isunge zingati. Anthu amenewa ngosowa m'dziko muno, ndipo makampani amawalimbirana. Woyang'anira akamalipira mochepa, akatswiri onse amathawira ku makampani, iye n'kutsala ndi ophunzira ntchito kuti akafufuze aphunzitsi awo.

Kupatula kuwerenga malipoti, oyang'anirawo amapita okha kumaofesi a makampani kukavundukula mafayilo. Amaunika anthu ofuna kukhala akuluakulu a kampani, ngati mbiri yawo ili yoyera. Amaona ngati kampani yagawana katundu wolemera ndi makampani ena akuluakulu, kuti tsoka limodzi lisaigwetse. Kumbukirani namondwe wa Freddy mu March 2023, mmene anasesera ku Chilobwe, ku Soche, ndi madera ena a mzinda uno. Tsoka lotero limabweretsa madandaulo ambiri tsiku limodzi, ndipo kampani imene inasenza yokha ikhoza kugwada. Kugwa kwa kwacha kuja nakonso kunawapatsa ntchito: galasi kapena bampala ya galimoto imene inshuwalansi yake inagulidwa mu October inadzafuna ndalama zina mu December.

MUULUTSI: Zinachitikapo kuti kampani yagwa kuno?

MLENDO: Zinachitika. Achikulire a m'maminibasi akukumbuka Citizen Insurance Company. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010 Registrar analowererapo kampaniyo italephera kukwaniritsa zofunika pa chuma, ndipo nkhani yoitseka inakafika mpaka kumakhoti. Ntchito yotero imadya ndalama: maloya, owerengera chuma, anthu oti akayendetse kampani yodwalayo. Ndipo amene amalira kwambiri si eni kampani. Ndi munthu uja anathyoka mwendo pangozi, wapambana mlandu, koma wolipira palibe.

MUULUTSI: Pamenepo ndiye funso limene ndikudziwa kuti omvera ali nalo. Registrar watolera ndalama kwa makampani. Bwanji osatapa zomwezo n'kumulipira wovulalayo?

MLENDO: Chifukwa si ntchito yake ya ndalamazo, ndiponso sizingakwane. Laisensi imalipirira kuyang'anira, siilipira chipukuta misozi. Wokulipirani ndi kampani imene inalandira ndalama za inshuwalansiyo. N'chifukwa chake a ku Kenya anachita kumanga thumba lachiwiri. Kuno kwathu mu 2023 kunayamba kugwira ntchito bungwe la Deposit Insurance Corporation, ndipo ena atamva dzinalo anaganiza kuti nkhani yatha. Koma limenelo limateteza ndalama zimene mwasungitsa kubanki, banki ikagwa. Silikhudza inshuwalansi ya minibasi kapena ya maliro. Maganizo anga ndi akuti thumba lopepesera makasitomala a inshuwalansi, kulikonse kumene lingakhale, lizikhala palokha, ndi mabuku akeake, losakhudzana ndi ndalama zolipira antchito. Mukaziphatikiza, chaka chovuta chimodzi chidzadya chinzake.

MUULUTSI: Mwatchula chindapusa. Ine chimandidetsa nkhawa. Ngati wolanga ndi yemwe amasunga chindapusacho, sangayambe kulanga pofuna ndalama?

MLENDO: Nkhawa yanu ndi yoona, ndipo maiko ambiri analimbana nayo. Ena anati chindapusa chizipita kuthumba la boma, ena anati chizigwira ntchito yophunzitsa anthu basi, kuti wolanga asapindulepo. Kuno chitetezo chimodzi n'chakuti kampani yosakhutira ndi chigamulo cha Registrar ili ndi kokadandaula, ku Financial Services Appeals Committee, ndipo makhoti aliponso. Koma ine chimene chimandiopsa kwambiri ndi mbali inayo. Kumene levy imawerengedwa potengera kukula kwa kampani, makampani awiri kapena atatu akuluakulu ndi amene amasenza gawo lalikulu. Woyang'anira wodalira levy yokha amayamba kuwaona ngati makasitomala ake, n'kumawalankhula mwaulemu wopitirira. Kulanga mopyola muyeso kumamveka msanga, chifukwa makampani ali ndi maloya ndipo amakuwa. Kulekerera sikumveka, mpaka tsiku limene kampani yatseka zitseko.

MUULUTSI: Ndiye woyang'anirayo amamuyang'anira ndani?

MLENDO: Pamapepala njira zilipo zingapo. Banki yaikulu imatulutsa lipoti la pachaka lokhala ndi mabuku ofufuzidwa. Registrar amatulutsanso lipoti lake la momwe mabungwe azachuma ayendera, ndipo onsewa amaikidwa pa intaneti. Makomiti a Nyumba ya Malamulo, monga ya Budget and Finance ndi Public Accounts Committee, ali ndi mphamvu yoitana akuluakulu kudzayankha mafunso. Ndipo kuyambira pa 30 September 2020, lamulo la Access to Information likugwira ntchito, loti nzika iliyonse itha kulemba kalata kupempha uthenga ku bungwe la boma. Akakukanizani popanda chifukwa, mumakadandaula ku Malawi Human Rights Commission.

Koma tinene zoona, mayi. Malipoti amenewa ali m'Chingerezi cha akatswiri, masamba ambirimbiri, ndipo kuwatsitsa pafoni kumatha bandulo. Woyendetsa kabaza wa ku Machinjiri sadzawawerenga. Chimene ine ndingakonde ndi tsamba limodzi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, chaka chilichonse: kuchokera ku inshuwalansi tatolera zakuti, mwa izo chindapusa ndi chakuti, ntchito yoyang'anira yadya zakuti, madandaulo talandira angapo ndipo tathetsa angapo. Tsamba lotero likhoza kuwerengedwa pa wailesi ino m'mphindi zitatu. Atolankhani ndi aphungu a mumzinda uno akhoza kulipempha.

MUULUTSI: Ena anganene kuti bola Account Number One yomweyo, poti imafufuzidwa ndi Auditor General.

MLENDO: Awakumbutse ndani za 2013? Cashgate inachitikira m'thumba lomwelo. Mabiliyoni anatuluka kudzera m'macheke a boma kupita ku makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, mpaka boma linachita kuitana akatswiri a Baker Tilly kudzafufuza. Dzina la thumba silitchinjiriza ndalama. Ndipo matumba apadera tili nawo kale ambiri: pa lita iliyonse ya mafuta pali levy ya misewu imene imayenera kupita ku Roads Fund Administration, ndi ina ya magetsi a kumidzi. Olemba anthu ntchito amalipira TEVET levy. Lililonse mwa matumba amenewa funso lake ndi lomweli tikufunsa lero.

MUULUTSI: Nthawi yatithera, koma sitingatseke tisanamuthandize womvera amene ali ndi vuto panopa. Galimoto inamugunda, kapena bambo ake anamwalira, kampani ikungomuuza kuti bwerani mawa. Atani?

MLENDO: Ayambe ndi kampaniyo, koma polemba. Kalata ya dandaulo, yokhala ndi nambala ya inshuwalansi kapena ya galimoto imene inamugunda, tsiku la ngozi, lipoti la apolisi ndi la kuchipatala, kapena chikalata cha imfa ngati ndi maliro. Achititse fotokope chilichonse, ndipo wolandira kalatayo adinde pa kope yotsala nayo. Mawu apakamwa pa kauntala alibe umboni. Kampani ikapanda kuyankha, kapena yankho likakhala losamveka, atenge mapepala omwewo apite nawo kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank. Ife a ku Blantyre sitifunika ulendo wa ku Lilongwe, nthambi ili m'tauni momwemu. Kudandaula kumeneko n'kwaulere, ndipo wina akakuuzani kuti mumupatse kenakake kuti akufulumizitsireni, ameneyo ndi dobadoba.

MUULUTSI: Nanga amene akufuna kugula kumene?

MLENDO: Afunse laisensi ya ejentiyo ndi dzina la kampani imene akuiimira, kenaka aimbire kampaniyo kutsimikiza. Banki yaikulu imasindikiza mndandanda wa makampani ndi mabuloka ovomerezeka. Alandire lisiti ya kampani, osati kapepala kolemba pamanja. Eni minibasi ndi njinga zamoto za kabaza asamale kwambiri ndi sitika zotchipa zogulitsidwa pakona. Sitika yabodza itha kukudutsitsani pa rodibuloko, koma tsiku la ngozi wovulalayo adzagwira inu, ndipo Registrar sangakakamize kampani kulipira inshuwalansi imene sinagulitse.





MUULUTSI: Sabata yamawa nthawi ngati yomweyino tidzakamba za ndalama za penshoni zimene abwana amadula pamalipiro koma osazipereka, ndi momwe mungadziwire ngati zanu zikufika. Konzekeranitu mapepala anu a malipiro. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera)